Mphunzitsi wa masamu akakakamira, afunse ndani?

Loweruka lina m'mwezi wa Meyi, mphunzitsi wachinyamata anafika pakhomo panga pa Kasungu pano ali fumbi lokhalokha. Anali atapalasa njinga kuchokera ku sukulu ina yoyendera ya kum'mawa kwa boma lino, ulendo wa maola awiri ndi kanthu. Titalonjerana, anatulutsa m'thumba la malaya pepala la mayeso akale a MSCE, lopindidwapindidwa mpaka m'mapindiro mutayamba kung'ambika. Analoza funso limodzi la zozungulira, lija lofuna ngodya ya pakati pa mzere wongokhudza chozungulira ndi mzere wodutsa m'kati mwake.

"Bambo, ndalimbana nalo masiku atatu," anatero. "Lolemba ana a Fomu 4 akuliyembekezera, koma kusukulu kwathu palibe woti ndimufunse."

Tinakhala pakhonde. Ndinatenga chivundikiro cha poto n'kujambulira chozungulira kuseri kwa kalendala yakale, ndipo theka la ola lisanathe anali atalimvetsa, mpaka anayamba kundisonyeza yekha njira ina yachidule. Mutu anali nawo mnyamatayo. Ku koleji anaphunzira kuphunzitsa Jogalafe, koma wa masamu atachoka pa sukulupo, a hedi anamupatsa choko kuti agwirizire kaye. Kugwirizirako kunali kutatha zaka zitatu. Akumangirira pa kaliyala buku lomwe ndinamubwereka, anandiululira chinthu chimene chimandiwawabe: chaka chathacho mutu wonsewo anaudumpha, ndipo ana analowa m'chipinda cha mayeso asanaumvepo ndi kamodzi komwe.

Sindingamuimbe mlandu. Ndaphunzitsa masamu zaka zambiri m'boma lino ndipo ndikudziwa manyazi oima kutsogolo kwa ana makumi asanu ndi awiri, choko chili m'manja, m'mutu mulibe kanthu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Uyu anafuna kufunsa, wofunsidwa ndiye panalibe. Anandipeza chifukwa wina ku chigayo anamuuza kuti pa boma pali mkulu wina wopuma pa ntchito yemwe ankaphunzitsa masamu. Aphunzitsi ena onse amene sanamve za ku chigayoko akudumphabe mitu mpaka lero.

Mabungwe a akatswiri a masamu anayambira pa vuto lomweli. Ndiye bungwe lililonse lotero, kaya ndi la kuno kwathu, la Africa kapena la dziko lonse, ine ndimaliyesa ndi muyeso umodzi: kodi munthu wokakamira pa funso ali ndi pogogoda? Atsogoleri ake ndimawayesanso ndi womwewo.

Anthu ambiri akamva za mabungwe amenewa amaganiza za maprofesa ovala mikanjo. Chiyambi chake sichinali chotero. Mu 1717 ku Spitalfields, dera lina la mzinda wa London, anthu ogwira ntchito zamanja, ambiri mwa iwo oluka nsalu, anayambitsa kagulu kawo ka masamu. Ankakumana madzulo akaweruka, ndipo lamulo lawo lina linkati membala akafunsidwa funso ndi mnzake, ndi udindo wake kumulongosolera m'njira yosavuta imene angathe. Kaguluko kanakhala zaka zoposa 120 kasanalowe m'bungwe la Royal Astronomical Society. Lamulo limenelo ndikanakonda litalembedwa pa khoma la ofesi ya aphunzitsi pa sekondale iliyonse kuyambira ku Santhe mpaka ku Nkhamenya. London Mathematical Society, imene lero ili ndi dzina lalikulu, inabadwa mu 1865 kuchokera m'maganizo a anyamata awiri, George De Morgan ndi Arthur Ranyard, omwe ankafuna malo oti anthu azibweretsako zimene apeza n'kukambirana. Bambo ake a George, Augustus De Morgan, ndi amene anakhala pulezidenti woyamba. Thomas Fiske wa ku America ataona misonkhano imeneyi ali ku England, anabwerera kwawo n'kukayambitsa kagulu ku New York mu 1888, ali anthu asanu ndi mmodzi basi. Kagulu komweko ndi kamene kanatenga dzina loti American Mathematical Society mu 1894.

Kuno ku Africa nafenso tili nawo athu. African Mathematical Union inakhazikitsidwa mu 1976 ku Rabat m'dziko la Morocco, mtsogoleri woyamba ali Henri Hogbe Nlend wa ku Cameroon. Imatulutsa magazini ya kafukufuku yotchedwa Afrika Matematika, ndipo kuyambira mu 1987 yakhala ikuchititsa mpikisano wa masamu wa ana a sekondale a mu Africa muno, Pan African Mathematics Olympiad. Nthambi yake yoona za mbiri ya masamu, imene Paulus Gerdes wa ku Mozambique anaitsogolera kwa zaka zambiri, inasonyeza dziko kuti m'maluko a madengu ndi m'zojambula za pamchenga za anthu a Chokwe ku Angola muli masamu enieni. Ine amene ndinakula ndikuona agogo akuluka lichero ndi amalume akuwerengera njomba pa bawo dzanja lisanagwire n'komwe, ntchito imeneyo ndimailemekeza kwambiri. M'chigawo chino cha kumwera kwa Africa kuli bungwe la akatswiri a masamu lotchedwa SAMSA, limene linayamba mu 1981. Ndipo Mmalawi mnzathu, Profesa Overtoun Jenda wa ku Auburn University ku America, anathandiza kuyambitsa pologalamu yogwira ntchito ndi SAMSA, yolumikiza ofufuza a ku America ndi a kuno, imene dzina lake ndi liwu lathu lomwe lino, Masamu.

Zonsezi n'zabwino ndipo sindikuzichepetsa. Dandaulo langa ndi lakuti mtsinje umenewu umauma usanafike kumunda. Umathera pa geti la yunivesite ku Zomba, ku Mzuzu, ku Blantyre kapena ku Thyolo. Mnyamata uja wa njinga mayina amenewa anali asanawamvepo, ndipo ndikukhulupirira kuti mabungwewo nawonso sakudziwa kuti iye alipo.

Ndikudziwa zimene anzathu a ku yunivesite angayankhe, chifukwa ena anandiyankhapo kale. Amati bungwe la akatswiri ntchito yake ndi kafukufuku; za aphunzitsi a sekondale zili ndi eni ake, unduna ulipo, pologalamu yosula aphunzitsi a masamu ndi sayansi ya SMASSE ilipo, bungwe la aphunzitsi la TUM liliponso. Pali choona pamenepo. Dziko lopanda ofufuza masamu limakhala lobwereka nzeru mpaka kalekale, ndipo wofufuza amafunika nthawi yake yosasokonezedwa. Komatu wofufuzayo amachokera kuti? Mwana amene adzalembe digiri ya udokotala wa masamu zaka khumi ndi zisanu zikubwerazi, lero wakhala pa benchi ku sukulu yoyendera, kutsogolo kwake kuli mphunzitsi wa Jogalafe wogwirizira. Ku England kapena ku America angathe kukhala ndi mabungwe osiyana, la ofufuza palokha la aphunzitsi palokha, chifukwa anthu ndi ochuluka. Kuno odziwa masamu akuya ndi owerengeka, moti akadzipatula kalasi imatsala yokha. TUM imamenyera malipiro ndi ufulu wa mphunzitsi, ndipo imeneyo ndi ntchito yofunika, koma simungaiimbire foni kuti ikuthandizeni funso la ma logarithm. SMASSE, imene inabwera ndi thandizo la dziko la Japan, inatithandiza ambiri. Ineyo ndinatolako zambiri. Koma maphunziro a pa holide amatha, anthu n'kubalalika, pomwe funso lovuta limabwera Lachitatu pakati pa teremu. Chimene bungwe la mamembala limapereka, chomwe pologalamu ya boma singapereke, ndi anzako okhalitsa amene ungawafunse popanda kuopa kuti akulemba m'lipoti.

Pali ntchito inanso imene ili ya bungwe lotere, ndipo kusowa kwake ndinakuona bwino mu Novembala 2023. Banki yaikulu ya dziko lino italengeza kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti, pa msika wa Kasungu panali mtsutso wosatha. Ena ankati ndalama yawo ya m'thumba yatha pafupifupi theka. Ogulitsa ena anakweza chilichonse ndi theka, ngakhale tomato wa kudimba. Chimene chinachitika n'chakuti mtengo wa dola unachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Dola ndi imene inakwera ndi 44 peresenti. Mukawerengera mbali inayo, mphamvu ya kwacha pogula dola inatsika ndi 31 peresenti kapena kuchepera pang'ono. Ziwerengero ziwirizi zonse n'zoona, zimangoyankha mafunso osiyana, ndipo mwana wa Fomu 2 wophunzitsidwa bwino angathe kusiyanitsa. Ululu wa kugwa kwa ndalama unali weniweni, sindikutsutsa. Koma ndinkalakalaka kumva munthu wa masamu, woyankhula m'dzina la anzake onse, akulongosola zimenezi m'Chichewa pa wailesi madzulo omwewo.

Nkhani zotere zili ponseponse m'moyo wathu. Mayi amene watenga K20,000 ya katapila ya theka pamwezi, akalephera kubweza n'kumaiwonjezera pamwamba, pakutha pa mwezi woyamba ali ndi ngongole ya K30,000, wachiwiri K45,000, wachitatu K67,500. Mlimi wa fodya amalandira pepala la malonda lodzaza ndi zodula, n'kulipinda osaliwerenga chifukwa akuopa manambala. Amayi a banki m'khonde amakangana pa tsiku logawana chifukwa palibe amene akutha kufotokoza chifukwa chake wosunga kwambiri walandira mochuluka chotero. Wandale akatchula chiwerengero, anthu amayamba afunsa chipani chake. Bungwe la akatswiri loima palokha likhoza kunena kuti chiwerengero ichi n'cholondola, ichi ayi, anthu n'kulikhulupirira. Likhozanso kuuza a MIE ku Domasi, okonza silabasi, kuti mutu wakuti mu silabasi waikidwa pamalo olakwika, kapena kuuza a MANEB kuti funso lakuti linali ndi mayankho awiri. Mphunzitsi mmodzi akanena zimenezi amaoneka wamwano, ndipo amaopa kusamutsidwa. Likanena bungwe la anthu mazana, amamvetsera.

Ndiwonjezepo za chilankhulo. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chophunzitsira, koma aliyense amene analowapo m'kalasi ya kumudzi akudziwa kuti pofika pa kulongosola timabwerera ku Chichewa. Kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa tili nawo mawu ake. Tikafika pa zakuya, mphunzitsi aliyense amapeka ake, mwana akasamuka sukulu n'kusokonezeka. Ndani angakhale pansi ndi akatswiri a chilankhulo n'kugwirizana mawu amodzi, ngati si a masamu eni ake?

Tsono zonsezi zimagona pa atsogoleri, ndipo apa ndilankhula zimene ndinaona ndi maso. Zaka zapitazo aphunzitsi a masamu a sukulu zingapo m'dera lathu tinayambitsa kagulu. Poyamba kanali kokoma. Tinkakumana m'kalasi, aliyense atabweretsa funso lomwe lamuvuta, nkhomaliro ili chinangwa ndi tiyi wa ndalama zosonkherana. Tinkalemba limodzi mayeso oyeserera, ndipo aphunzitsi atsopano ankabwera ndi makope awo ngati ana a sukulu. Kenaka kunabwera thandizo la ndalama kuchokera kwina. Msonkhano unachoka m'kalasi n'kupita ku malo ogona alendo. Funso loyamba la munthu ukamuitana linasanduka lakuti, "Kodi alawansi ilipo?" Wapampando, munthu wodziwa masamu kuposa tonsefe, anayamba kuyenda yekha ku misonkhano ya ku Lilongwe, osabwera n'kutiuza zimene wamva. Chisankho chinalephereka chaka choyamba, chachiwiri, chachitatu. Msungichuma tikamufunsa za buku la ndalama ankati lili kwa apampando, apampando ankati lili kwa msungichuma. Thandizo litatha kagulu kanatheranso pomwepo, ndipo anthu omwe kale ankabwera wapansi popanda kulandira kalikonse sanabwerenso. Ine ndinali m'komiti, ndipo ndinakhala chete nthawi yoyenera kulankhula chifukwa choopa kudana ndi mnzanga. Kukhala chete kwangako kunathandizira kupha kaguluko.

Ndinaphunzirapo kuti wodziwa masamu kwambiri si ndiye kuti angatsogolere bwino a masamu. Timakonda kusankha wa mapepala ambiri, ngati tikumupatsa mphoto. Komatu mpando umenewu ndi khasu. Umafuna munthu woyankha makalata, wokumbukira kuti ku Chulu kuli mphunzitsi amene sanabwere miyezi iwiri n'kumuimbira foni, wosachita manyazi kunena pagulu kuti funso ili landikanika inenso. Kunena zoona, bungwe limakhala ndi moyo kapena kufa chifukwa cha mlembi ndi msungichuma kuposa wapampando, koma pa chisankho maudindo awiriwa timangokankhirana ngati katundu wolemera.

Mabungwe amene akhalitsa anazindikira msanga za kusinthana mpando. Pulezidenti wa London Mathematical Society amakhala zaka ziwiri, wa American Mathematical Society zaka ziwirinso, wa International Mathematical Union, bungwe la dziko lonse, zaka zinayi, kenaka n'kupereka kwa wina. Munthu wotchuka chotani amatsika n'kukhala membala wamba, ndipo palibe amene amati wachotsedwa. Nawonso anali ndi zilema zawo. Bungwe la ku London linatha pafupifupi zaka zana lisanasankhe mayi; Mary Cartwright anakhala woyamba mu 1961. La ku America linadikira mpaka 1983 pamene Julia Robinson anakhala pampando, la dziko lonse mpaka 2011 ndi Ingrid Daubechies, ndipo la Africa mpaka 2017 ndi Nouzha El Yacoubi wa ku Morocco. Ife tisadikire zaka zonsezo. Ndaona atsikana ambiri anzeru akugonja pa masamu ali Fomu 2 chifukwa aliyense, kuyambira kunyumba, anawauza kuti ndi phunziro la anyamata, ndipo mphunzitsi wamkazi wa masamu anali asanamuonepo.

Mtsogoleri amafunikanso mtima wolimba pamene ndale zalowerera. International Mathematical Union itakhazikitsidwa mu 1920, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangotha, akatswiri a ku Germany anawatsekera kunja. Pa misonkhano ya ku Strasbourg mu 1920 ndi ku Toronto mu 1924 sanaitanidwe. Mu 1928 Salvatore Pincherle wa ku Italy, yemwe ankakonza msonkhano wa ku Bologna, anawaitana ngakhale akuluakulu ena a bungwelo ankakana, ndipo David Hilbert anabwera ndi anzake. Koma chidanicho chinali chitalidya kale bungwelo: linafa m'zaka za m'ma 1930, n'kudzaukanso kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950. Kuno kwathu nkhondo yotero kulibe, koma mizere yogawa anthu tili nayo. Wa ku yunivesite ndi wa ku sekondale, wa digiri ndi wa dipuloma, wa sukulu yogonera ndi wa sukulu yoyendera, wa chigawo ichi ndi wa chigawo icho. Mtsogoleri amene alola kuti mizere imeneyi ilowe m'kaundula wa mamembala wayamba kukumba manda a bungwe lake.

Wina anena kuti zonsezi zimafuna ndalama, ndipo ndalama kulibe. Zina zimafunadi: kusindikiza magazini, kutumiza ana ku mpikisano wa kunja, kulipirira wofufuza ulendo. Pa zimenezo boma ndi makampani ayenera kuthandiza, ndipo AIMS, sukulu ya masamu akuya imene Neil Turok anayambitsa ku Cape Town mu 2003, yasonyeza kuti ndalama zimapezeka pamene ntchito ikuoneka. Koma chimene mnyamata uja ankafuna sichinali cha mamiliyoni. Boma la Kasungu lili ndi koleji ya aphunzitsi pa boma pomwe pano. Ku Mtunthama kuli Kamuzu Academy, imene inatsegulidwa mu 1981, ndipo ili ndi aphunzitsi a masamu ndi mabuku. Zoni iliyonse ili ndi malo osulira aphunzitsi, TDC, okhala ndi chipinda ndi bolodi. Aphunzitsi ambiri ali pa WhatsApp. Chosowa ndi munthu wopatsidwa udindo ndi anzake kuti alumikize zimenezi: alembe mayina a onse ophunzitsa masamu m'boma lino, ogwirizira omwe, aike tsiku limodzi pamwezi, apeze mphunzitsi mmodzi wa ku yunivesite wovomera kuyankha mafunso amene atikanika tonse. Ophunzira a masamu a chaka chomaliza ku yunivesite akabwera kwawo pa holide, bwanji osawapatsa kalasi ya aphunzitsi kwa masiku awiri?

Ndipo mpikisano wa masamu ukakonzedwa, pepala lake lifike ku sukulu yoyendera, osathera m'sukulu zotchuka zokha. William Kamkwamba wa ku Wimbe anasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, ndipo chimene chinamutsegulira njira ndi kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulayimale ya kwawo. Makina a mphepo amene iye anapanga ankaoneka ndi maso, anthu odutsa anaima n'kufunsa. Mwana waluso pa masamu alibe choimika pabwalo. Luso lake lili m'kope, ndipo ngati palibe womutumizira funso lovuta kuposa la m'buku, adzamaliza Fomu 4 n'kupita kukasoka fodya, iye mwini osadziwa chimene anali nacho.

Buku lija linabwerera mu Ogasiti, tsamba lina litapindidwa pa mutu wa ma vector. Mnyamatayo sanabwere yekha. Anatenga mayi wina wophunzitsa Fomu 2 pa sukulu yoyandikana ndi yawo, yemwe anafika ndi mwana kumbuyo ndi mafunso asanu olembedwa bwinobwino. Tsopano tilipo asanu ndi awiri, ndipo timakumana Loweruka loyamba la mwezi. Pakhonde sitikwananso, tinapempha kalasi. Tinagula kope la ndalama limene limawerengedwa mokweza pa msonkhano uliwonse, ndipo tinagwirizana kuti wapampando azikhala chaka chimodzi. Anafuna kundisankha, ndinakana. Mayi uja ndi amene akutitsogolera, ine ndine mlembi. Mwezi watha ndinalembera kalata akuluakulu a masamu a pa yunivesite ina, kuwapempha munthu mmodzi woti tizimutumizira mafunso otikanika. M'kalatamo ndinaikamo awiri amene tonse asanu ndi awiri talephera kugwirizana yankho lake, ndi nambala yanga ya foni.